Malume a zaka 57 angalimbane bwanji ndi mnyamata pa malupanga?

Funso: Ndine bambo wa zaka 57, ndimakhala ku Ulongwe kuno ku Angónia. Ndili mnyamata ndinakagwira ntchito ku Germany ya kum'mawa, ndipo kumeneko ndinaphunzira masewera a malupanga, aja pa Chipwitikizi timati esgrima, kwa zaka zitatu. Chibwerereni mu 1990 sindinagwirenso lupanga. Chaka chino mwana wa mlongo wanga, wa zaka 24, wabwera kuchokera ku Johannesburg ndi malupanga awiri a mtundu wa espada, zigoba zakumaso ndi majekete, ndipo Loweruka lililonse timasewera m'nyumba yosungiramo chimanga. Dzanja likukumbukira ndithu, koma miyendo yakana. Amandigonjetsa 15 kwa 5, 15 kwa 6, ndipo pofika pakati ndimakhala ndili wefuwefu. Kodi akuluakulu amene amasewerabe amatani kuti alimbane ndi anyamata? Kapena ndingopachika?

Yankho: Musapachike, bambo. Masewera amenewa ndi amodzi mwa ochepa amene munthu wa imvi amalowa m'bwalo ndi mnyamata n'kutuluka atapambana. Aladár Gerevich wa ku Hungary anatenga golide pamodzi ndi timu yake ya lupanga lotchedwa sabre pa Olimpiki ya ku Rome mu 1960 ali ndi zaka 50, pamene golide wake woyamba anamutenga mu 1932. Géza Imre, wa ku Hungary komweko, anakhala katswiri wa dziko lonse pa espada mu 2015 ali ndi zaka 40. Bungwe la FIE, lomwe limayang'anira masewerawa, limachititsa mpikisano wa dziko lonse wa achikulire, ndipo kuli magulu monga a zaka 50 mpaka 59, 60 mpaka 69, ndi 70 kupita m'tsogolo. Ndiye kuti mutapita kumeneko, alipo amene angakutumeni kukatunga madzi.

Koma tisanamizane, mwendo wa zaka 57 sudzabwerera pa zaka 22. Zimene ukulu umalanda zimadziwika: afundo yaitali ija yolumpha ndi phazi lakutsogolo, kudzuka msanga mukatha afundo, kusintha mwadzidzidzi kuchoka kutsogolo kubwerera m'mbuyo, ndi mpweya. Chinanso chimene anthu sachiona ndi liwiro losankha. Ngati mukudikira chinthu chimodzi chokha, dzanja lanu limayankhabe msanga pafupifupi ngati kale. Koma akakuikirani zinthu zinayi nthawi imodzi kuti musankhepo, mumachedwa kuposa mnyamata. Nzeru yonse ya achikulire pa pista, bwalo lalitali lija loseweramo, yagona pamenepa: amachepetsa zimene zingachitike mpaka zitatsala ziwiri kapena zitatu zimene iwo anazikonzekera kale, ndipo mnyamata amabwera yekha pamene nsonga ikumudikira. Galu wamkota sakandira pachabe.

Mwayi wanu ndi woti lupanga lake ndi espada, lija munkalitcha Degen ku Germany. Pa florete ndi sabre, mitundu ina iwiri ya malupanga, pali lamulo loti woyamba kuukira ndiye mwini toque, kulasa kowerengedwa, ngati onse alasana, ndipo limakomera wa miyendo yopepuka. Pa espada lamuloli kulibe. Thupi lonse limawerengedwa, kuyambira chala cha kuphazi mpaka chigoba, ndipo woyamba kulasa ndiye wamwetsa. Mukalasana limodzi, nonse mwapeza. Pa makina a magetsi mpata wa "limodzi" umenewu ndi mamilisekondi 40 mpaka 50, osakwana n'komwe kuphethira kwa diso.

Tiyambe ndi mpata wa pakati pa inu awiri, chifukwa ndi pamene ma toque anu ambiri akutayikira. Tengani choko mujambule pista yeniyeni pansi: mamita 14 m'litali, mita imodzi ndi theka m'lifupi, mzere pakati, mizere yoyambira mamita 2 mbali iliyonse ya wapakati, ndi mizere yochenjeza mamita 2 kuchokera kumapeto. Mukasewera popanda malire, mnyamata amapeza malo othawira ndi othamangira mwaulere. Kenako imani em guarda, kaimidwe kokonzekera kulimbana kaja, muuzeni achite afundo yake yaitali kwambiri mpaka nsonga ikukhudzeni pachifuwa, ndipo mulembe pamene phazi lake lakutsogolo linayambira. Muchitenso chimodzimodzi akulasa pamkono wanu. Mudzaona kuti mzere wachiwiri uli kutali ndi woyamba pafupifupi utali wa mkono wathunthu. Anthu amene anasiya kalekale amayeza mpata ndi chifuwa cha mnzawo, pamene pa espada ngozi imayambira pamene nsonga yake ingafike padzanja lanu.

Malo anu okhala ndi kunja pang'ono kwa mzere wachiwiri uja, pamene mnyamatayo sangakufikeni ndi afundo yokha koma ayenera kuponda kaye sitepe imodzi. Sitepe imeneyo ndiye chakudya chanu. Phazi lake likakhala m'mwamba sangathe kubwerera, ndipo anyamata ambiri amayamba ndi phazi mkono usanatambasuke, chigongono chili chopinda, pamwamba pa mkono pali poyera. Kuti mukhale pa malo amenewa simufunika kuthamanga. Mufunika masitepe ang'onoang'ono, osapitirira utali wa phazi lanu, chifukwa sitepe yaikulu imakusiyani nthawi yaitali muli pa mwendo umodzi. Iye akasendera theka, inu bwererani theka. Akabwerera, senderani. Musaime chilili ngati chitsa, ameneyo ndiye msampha wa achikulire ambiri: amati popeza miyendo yatopa angoima n'kudalira dzanja, ndipo mnyamata amasankha mpata ndi nthawi mwakufuna kwake.

Za kaimidwe, mwina anakuphunzitsani kukhala pansi kwambiri, mawondo opinda ngati mwakhala pa mpando wosaoneka. Pa msinkhu wanu kaimidwe kameneko kamadya ntchafu pa mphindi imodzi. Kwerani pang'ono, mapazi atalikirane phazi limodzi ndi theka, kulemera kukhale pakati, bondo lakutsogolo liloze kumene chala chachikulu cha phazi chikuloza. Bondo likagwera m'kati pa afundo, ndi momwe mitsempha ya bondo imapwetekera.

Chida choyamba cha mkulu ndi arresto, kulasa pamkono wa munthu amene akubwera. Tikhalepo pang'ono pamenepa chifukwa ambiri amaidziwa dzina koma amailakwitsa. Dzanja likhale kutsogolo, chigongono chitalikire m'nthiti ngati chikhatho chimodzi ndi theka, mbale yoteteza dzanja iphimbe mkono wonse moti munthu woima kutsogolo kwanu asaone chilichonse kuseri kwa mbaleyo. Nsonga iloze padzanja lake nthawi zonse, pamwamba pang'ono pa mbale yake. Akangonyamula phazi, tambasulani mkono kuchokera ku zala, chala chachikulu ndi cha mkombaphala ndizo ziwongole nsonga, phewa likhale lomasuka. Nsonga itere pamwamba pa mkono wake, pakati pa dzanja ndi chigongono. Nthawi yomweyo phazi lanu lakumbuyo likhale litanyamuka kale kubwerera. Dongosolo lake ndi mkono kenako phazi, motsatana ngati kuomba m'manja kawiri mofulumira.

Zimene zimalakwika ndi izi. Ena amaweramira kutsogolo kuti afike, n'kupereka chigoba ndi phewa kwa mdani. Ena amakweza phewa, nsonga n'kuphonya chifukwa phewa lolimba siliwongola bwino. Ena amatsitsa dzanja polasa, n'kutsegula pamwamba pa mkono wawo womwe. Koma cholakwa chachikulu ndi kuimirira kuti muone ngati mwalasa. Mkono ndi waung'ono, mudzaphonya kangapo, ngakhale akatswiri amaphonya. Ngati mwaphonya muli kale paulendo wobwerera, palibe chatayika. Ngati mwaphonya mutaima, nsonga yake ili pachifuwa panu. Dziwaninso kuti nsonga ya espada imafuna kukanikizidwa ndi mphamvu yoposa magalamu 750 kuti makina awerenge, ndiye kungokhwekhwereza pa nsalu sikuwerengedwa. Ngati mulibe makina, pakani choko pansonga ya labala ndipo mugwirizane kuti toque ndi imene yasiya kadontho, osati mzere. Pakhalenso munthu wachitatu woima pambali woweruza, apo ayi malume ndi mwana wa mlongo wawo adzakangana mpaka nsima izizire.

Chida chachiwiri chimabwera chokha mnyamata akaluma arresto katatu. Adzayamba kutambasula mkono kaye, kapena kuthamangira thupi lanu mwamphamvu kuti adutse nsonga. Apa m'pamene mumatseka njira ndi chitsulo. Lupanga lili ndi mbali yamphamvu, gawo la pafupi ndi mbale, ndi mbali yofooka, gawo la kunsonga. Mbali yanu yamphamvu ikakumana ndi mbali yake yofooka, mphamvu za mkono wake zilibe ntchito, monga momwe mwana amatsekera chitseko akakankha kutali ndi mahinji ngakhale wamkulu akukankha pafupi ndi mahinjiwo. Gwiritsani ntchito sexta: dzanja lisunthire kunja pang'ono, masentimita ochepa okha, ligwire chitsulo chake pakati pa mbale ndi mbali yamphamvu, nsonga yanu isachoke pa iye. Musasiye chitsulocho. Tambasulani mkono chikadali chogwidwa, nsonga ikalowe paphewa kapena pachifuwa pake. Iye mwini ndiye akubweretsa thupi, inu simufunika ngakhale afundo. Akabwera m'munsi, kuntchafu kapena m'nthiti, oitava, kutseka kwa m'munsi, imagwira ntchito yomweyo nsonga ili yozolika.

Kutseka kotereku ndiko amati parada. Pewani ma parada aakulu okupiza ngati mukuingitsa nkhuku pa mphale. Dzanja likapita kutali kumbali, mnyamata amangozembetsa nsonga pansi pa mbale yanu, ndipo kubwerera kwanu kumatenga nthawi imene mulibe. Komanso musathamangire chitsulo chake chikadali kutali. Dikirani mpaka nsonga yake itadutsa mbale yanu, pamene sangathenso kusintha. Parada ya mochedwa ndi yaing'ono imafuna mtima wodekha, ndipo pa mtima wodekha inu mwamuposa kale.

Akulu ambiri amawonjezera chachitatu, chimene amati segunda intenção, kutanthauza kuti chimene mwaonetsa poyamba ndi nyambo chabe. Njira yosavuta ndi iyi: tsitsani dzanja pang'ono mwadala, pamwamba pa mkono paoneke, uku mukusendera theka la sitepe. Mnyamata amene wakhala akufunafuna polowera sapirira, amalumphira pomwepo. Popeza mukudziwa kumene akupita ndi nthawi yake, sexta yanu ikhala itamudikira. Onani kusiyana kwake: simukuyankha chimene iye wasankha mwa zinthu zisanu, mukuyankha chinthu chimodzi chimene mwamusankhira. Nyambo ikhale yooneka ngati kulakwitsa kwenikweni. Mukaitsegula kwambiri adzanunkhiza, ndipo mukaibwereza katatu motsatana adzanamizira kuluma n'kuzembetsa nsonga. Iperekeni muli pa mpata woti ayenera kuchita afundo yathunthu. Mukaipereka muli pafupi, nsonga yake ifika musanatseke.

Zida zitatuzi zakwana. Musadzazenso thumba ndi zina zonse zimene munaphunzira kale. Achikulire amene amavuta kugonjetsa sadziwa zinthu zambiri kuposa anzawo, koma zochepa zomwe ali nazo zimagwirizana: arresto imakakamiza mdani kuchita chimene sexta ikufuna, ndipo mantha a sexta amamubwezera ku kuzengereza kumene arresto imakonda.

Mukaonera achikulire pa mipikisano mudzaona mitundu ingapo. Alipo ogwira chigwiriro cha Chifalansa, chowongoka chija, amene amagwirira kumapeto kwenikweni kuti lupanga litalike ndi masentimita angapo. Amenewa amangojompha pamkono ngati mpheta pa mapira, sapereka chitsulo chawo kuti chigwidwe, ndipo amabwerera nthawi zonse. Kuipa kwake n'koti dzanja limafooka: akamenyedwa chitsulo mwamphamvu nsonga imauluka, ndipo zala ndi chigongono zimatopa, pakuti espada ingalemere mpaka magalamu 770. Ena amagwira chigwiriro chonga cha mfuti, chokhala ndi nyanga zolowa pakati pa zala. Awa ndi anthu a chitsulo, amasendera pang'onopang'ono, kufunafuna lupanga la mdani, kulikanikiza n'kulowa nalo. Chigwirirochi chimapatsa mphamvu koma chimanyengerera munthu kufinya, ndipo kufinya ndiko kumabala kupweteka kwa chigongono. Ngati ndinu wamtali wa mikono yaitali, yesani njira yoyamba. Ngati ndinu wamfupi wojintcha, yachiwiri. Maganizo athu ndi oti munthu amene wabwerera patatha zaka zoposa 30 ayambe ndi chigwiriro chimene dzanja lake likuchikumbuka, ndipo asasinthe miyezi isanu ndi umodzi isanathe.

Palinso ena amene chida chawo ndi pista yeniyeniyo. Amakankha mnyamata pang'onopang'ono, theka la sitepe ndi theka la sitepe, mpaka atafika m'mamita 2 omaliza. Munthu akatuluka kumbuyo ndi mapazi onse awiri, toque imapita kwa mnzake, ndiye wopanikizidwayo amakakamizika kuukira, afune asafune. Kuukira kokakamizidwa n'kosavuta kukuwerenga. Mbali ina ya nkhani yomweyi: inu musalole kubwerera mpaka kumapeto kwanu. Arresto imafuna malo kumbuyo. Mukapeza mpata, bwezani malo amene mwataya.

Tsono flecha, kuthamanga kuja kodutsitsa mwendo wakumbuyo kutsogolo, imene tikukhulupirira kuti ndiyo ikukupwetekani kwambiri. Musayese kuithawa chobwerera, palibe munthu wobwerera chafutambuyo amene angapose wothamanga chamaso. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba, sitepe imodzi yokha m'mbuyo pamodzi ndi parada, kenako resposta, kulasa kobwezera, nthawi yomweyo iye akudutsa. Lamulo lili mbali yanu: toque ya wodutsidwa imawerengedwa ngati yachitika pompopompo, ngakhale atatembenuka nayo, pamene wothamangayo akangodutsa sangalasenso. Yachiwiri, tambasulani mkono nsonga iloze phewa lake, n'kusuntha phazi lakumbuyo kumbali kuti chifuwa chichoke m'njira. Izi zimabala ma toque a onse awiri kawirikawiri, zomwe si zoipa ngati muli patsogolo. Flecha imakhalanso ndi chizindikiro: kulemera kumapita pa mwendo wakutsogolo, mutu umatsika pang'ono, chidendene chakumbuyo chimanyamuka. Mukaona zimenezi, tsegulani mpata ndi theka la sitepe asananyamuke, flecha ifere m'mazira. Inuyo flecha isiyeni, ndipo kulasa phazi kusiyeninso. Zonse ziwiri zimafuna kubwerera mofulumira kumene mulibe, ndipo polasa phazi mutu ndi mkono zimakhala poyera.

Anyamata a masiku ano amasewera modumphadumpha pa zala za kuphazi, mosiyana ndi masitepe aja munaphunzira. Musatsanzire, mtsempha wa kuchidendene sungakukhululukireni. Koma mvetserani kudumphako ngati ng'oma. Kuli ndi kayendedwe kake, ndipo ambiri sadziwa kuti amabwereza kamodzimodzi: kawiri pamalo, kachitatu kutsogolo. Nthawi yanu ndi pamene akutera chakutsogolo, mapazi asanagwire pansi bwino. Mphindi yoyamba ya mpikisano iperekeni ku kuwerenga zimenezi. Menyani chitsulo chake pang'ono muone ngati amabwezera, amabwerera, kapena amalumpha. Onetsani nsonga kudzanja muone parada imene amathamangira. Munthu akadzidzimuka amachita chomwecho nthawi zonse.

Za afundo yanu, ikhalepo koma yaifupi, theka la imene munkachita. Mkono uyambe, phazi litsatire, chidendene chitere choyamba, bondo lisapitirire zala. Mukaphonya musakakamire kubwerera m'mbuyo ngati mwendo ukukana. Siyani nsonga pomwepo mulasenso kachiwiri, kapena kokerani phazi lakumbuyo kutsogolo mutseke chitsulo chake. Ma toque ambiri amene achikulire amamwetsedwa amabwera pamene akuvutika kudzuka pa afundo yaitali.

Tsopano wotchi ndi chiwerengero, mbali imene anyamata amainyoza. Choyamba, lekani kusewera mpaka 15. Mipikisano ya achikulire yochotsana imathera pa ma toque 10, m'zigawo ziwiri za mphindi zitatu, ndi mphindi imodzi yopuma pakati. Ya 15 m'zigawo zitatu ndi ya anyamata. Ndipo ya m'timagulu ta koyambirira kwa mpikisano, ya aliyense, ndi ma toque 5 pa mphindi zitatu. Muuzeni mwana wa mlongo wanuyo kuti malume akufuna za 5 ndi za 10, ndipo wina agwire wotchi ya pa foni, aziimitsa pakakhala toque. Wotchi ikangolowa, masewera amasintha, chifukwa simukakamizidwa kufika pa 5. Nthawi ikatha muli 3 kwa 2, mwapambana. Mukatsogola ndi imodzi, amene ayenera kubwera ndi iye, ndipo kubwera kwake ndiko mukufuna. Mukatsogola ndi ziwiri, toque ya onse awiri ndi bwenzi lanu: 3 kwa 1 imakhala 4 kwa 2, kenako 5 kwa 3. Mukakhala m'mbuyo, toque yoteroyo ndi mdani, ndiye musalase popanda kutseka chitsulo. Kungoti musagone pa wotchi: malamulo a masiku ano amapereka khadi la chilango pakatha mphindi yathunthu popanda toque. Nthawi ikatha muli ofanana, amachita maere n'kuwonjezera mphindi imodzi. Woyamba kulasa yekha wapambana, ndipo ngati palibe walasa, wopambana ndi amene maere anamugwera.

Ngakhale kutsogola kumafuna maso. Géza Imre yemwe uja, pa fainolo ya Olimpiki ya ku Rio de Janeiro mu 2016, ali ndi zaka 41, ankatsogola 14 kwa 10 polimbana ndi Park Sang-young wa ku South Korea, mnyamata wa zaka 20. Toque imodzi ya onse awiri ikanamupatsa golide. Park anamwetsa zisanu motsatana yekhayekha n'kupambana 15 kwa 14. Mnyamata amene alibe chotaya amasiya mantha aja munawamanga mwa iye, ndipo mpata umene unkagwira ntchito pa 6 kwa 4 umakhala wochepa. Mukaona wamwetsa ziwiri motsatana ndi njira imodzi, sinthani kanthu toque yachitatu isanabwere: talikirani, kapena yambani inu kumukankha. Yendani pang'onopang'ono pobwerera pa mzere woyambira, pumirani m'mphuno kawiri katatu. Masekondi amenewo ndi anu.

Ngati tsiku lina mudzagwira florete kapena sabre, arresto yokha sidzakudyetsani chifukwa cha lamulo la woyamba kuukira. Kumeneko achikulire amadalira parada ndi resposta, kubwerera pang'ono kuti kuukira kwa mdani kugwere pachabe n'kuyamba kwawo, ndi kutambasula mkono nsonga ili pa mzere mdani asanayambe.

Zoyeserera za pakati pa sabata sizifuna mnzanu. Dzazani golovesi yakale kapena sokosi ndi nsanza, muikhomere pa mtengo pa msinkhu wa dzanja la munthu woima em guarda. Tsiku lililonse lasani ka 30 mutaima, ka 30 ndi sitepe yakutsogolo, ka 30 mukulasa n'kubwerera. Musafulumire, cholinga ndi choti nsonga itere pamodzimodzi phewa lili lomasuka. Mukafika polasa 25 mwa 30, mangani mpira wa tenisi pa chingwe muziulasa ukugwedezeka. Miyendo, mphindi imodzi ya masitepe ang'onoang'ono kutsogolo ndi m'mbuyo, mphindi imodzi yopuma, kasanu, katatu pa sabata. Onjezani kudzuka pa mpando osagwira ndi manja ka 10 maulendo atatu, ndi kunyamuka pa zala za kuphazi ka 15 maulendo atatu, chifukwa katumba ndi mtsempha wa kuchidendene ndi zomwe zimaduka mwa achikulire obwerera mwadzidzidzi. Njinga ya kumunda kapena kuyenda mwandawala theka la ola kumathandiza mpweya. Loweruka, musanagwire lupanga, tenthetsani thupi mphindi 15 mpaka thukuta liyambe. Mnyamata angathe kutsika pa njinga yamoto n'kuyamba pomwepo, inu ayi.

Popeza mwatchula wefuwefu, pitani kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi mtima musanawonjezere mphamvu. Kupuma movutikira pambuyo pa mphindi zitatu n'kwachibadwa, koma kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena kupweteka kotsikira kumkono wamanzere ndi zoti musiye pomwepo. Ku Ulongwe kumazizira, muli ndi mwayi, komabe m'jekete ndi m'chigoba mumatentha, makamaka pansi pa malata mu Okutobala ndi Novembala. Sewerani m'mamawa, imwani madzi pa kupuma kulikonse. Mukadzatsikira ku Tete kapena ku Moatize, kumene miyezi imeneyo kutentha kumadutsa madigiri 40, musayerekeze masana. Simenti ya m'nyumba ya chimanga isesedwe bwino, njere imodzi kapena fumbi la gaga pansi pa chidendene pa afundo ndi bondo lathyoka. Nsapato zikhale zafulati za labala, ngati za mpira wa m'nyumba, osati zothamangira za chidendene chachitali zimene zimapinda akakolo.

Zida ziyang'aneni Loweruka lililonse, makamaka poti palibe sitolo yapafupi yogulako zina. Mu 1982, pa mpikisano wa dziko lonse ku Rome, Vladimir Smirnov wa ku Soviet Union, yemwe anali katswiri wa Olimpiki pa florete, anamwalira chitsulo chothyoka chitaboola chigoba chake. Malamulo a zida anakhwimitsidwa pambuyo pake, ndipo n'chifukwa chake zovala zimalembedwa 350N kapena 800N, ndipo nsalu ya pakhosi ya chigoba 350N kapena 1600N, manambala osonyeza mphamvu imene nsalu ingapirire isanabooke. Kanikizani waya wa chigoba ndi chala chachikulu mozungulira. Ngati pena pakulowa, pali dzimbiri, kapena nsalu ya pakhosi yasosoka, chigobacho chatha ntchito. Mkati mwa jekete muvale kansalu koteteza kukhwapa kwa mkono wa lupanga, ndipo kabudula ndi malaya wamba asalowe pa pista. Chitsulo chikhale chokhota pang'ono mbali imodzi, mosalala. Chikapindika mwakona pamalo amodzi, kapena mukamva kamng'alu poyendetsa chikhadabo, chili pafupi kuthyoka. Timabala ting'onoting'ono tichotseni ndi sandipepa yosalala motsata utali wa chitsulo, ndipo nyengo ya mvula muzichipukuta n'kuchisunga kunja kwa thumba limene muli jekete lonyowa ndi thukuta.

Loweruka likubwerali musawerenge zopambana. Sewerani mipikisano inayi ya ma toque 5, kupuma mphindi zisanu pakati, ndipo mudziikire lamulo loti simuchita afundo ngakhale imodzi m'iwiri yoyamba: mpata, arresto, kubwerera, basi. M'iwiri yomaliza onjezani sexta. Woweruza uja alembe pa pepala pamene toque iliyonse yakulasani, pamkono, pachifuwa kapena pamwendo, ndiponso ngati munali mukusendera, mukubwerera kapena mutaima. Zambiri zikakhala za pachifuwa mutaima, vuto ndi miyendo yoima chilili. Zikakhala za pamkono, mbale yanu ikutsika kapena mwayandikira kudutsa mzere wachiwiri wa choko uja. Zikakhala za mukusendera, masitepe anu ndi aakulu, ndipo sabata yotsatirayo muwadule pakati.